Tsiku la Taco ndi Mbiri ya Chimanga Chophika ndi Phulusa

Chaka ndi chaka, Lachiwiri loyamba la mwezi wa Okutobala, anthu a ku United States amakumbukira tsiku limene amalitcha National Taco Day, ndiko kuti tsiku la taco. Si tsiku la tchuthi ayi. Ana amapita kusukulu monga mwa masiku onse, maofesi amatsegula, ndipo palibe mbendera imene imakwezedwa. Chimene chimachitika n'chakuti malo ogulitsira zakudya amatsitsa mitengo, ena amapereka taco waulere kwa ogula, ndipo pa intaneti pamadzaza zithunzi za anthu akudya. Mlendo wofika m'dzikolo pa tsikuli angaganize kuti wapeza mwambo wa makolo. Koma tsikuli lasamuka kale kawiri. Linayamba pa 3 Meyi, kenaka linapezeka pa 4 Okutobala, ndipo pa Lachiwiri lafikapo m'chaka cha 2024. Mwambo wa makolo susamuka chotero, ndipo tsiku likamayendayenda, ndi bwino kufunsa amene akulinyamula.

Kwa adzukulu amene sanamuonepo, taco ndi chakudya chosavuta kufotokoza. Pali kamkate kopyapyala, kozungulira, kokula ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kopangidwa ndi chimanga, kamene dzina lake ndi tortilla. Pakati pake amaikapo ndiwo: nyama, nyemba, nsomba, mazira, mbatata, chilichonse chimene nyumbayo yapeza, n'kuthirapo tsabola wosinja, anyezi ndi madzi a ndimu. Akatero amapinda pakati n'kudya ndi manja, kawirikawiri ali chiimire. Mmalawi sangavutike kumvetsa nzeru yake, pakuti mbamu ya nsima imagwira ntchito yomweyo. Chimanga ndicho chotapira ndiwo, ndichonso chokhutitsa.

Mbiri ya chakudyachi siyambira ku United States. Iyambira kum'mwera kwa dziko la Mexico, m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, kumene zaka pafupifupi 9,000 zapitazo alimi anayamba kusankha mbewu za udzu wina wakutchire wotchedwa teosinte. Udzuwo umabereka timaso towerengeka, tokutidwa ndi khoko lolimba zedi, moti munthu wanjala angaupitirire osaucheukira. Koma mbadwo ndi mbadwo alimiwo ankasunga mbewu za mapesi amene abereka bwino, mpaka udzu unasanduka chimanga. Chimanga chonse cha pa dziko lapansi, chimene chili m'nkhokwe za ku Dedza ndi chimene chili m'minda ikuluikulu ya ku Iowa, chinachokera m'manja mwa anthu amenewa, amene mayina awo palibe anawalemba.

Kulima chimanga inali nzeru yoyamba. Yachiwiri inatulukira pamoto, ndipo popeza ntchito ya pamoto inali ya amayi, ulemu wake uyenera kupita kwa iwo. Zaka zoposa 3,000 zapitazo, anthu a m'dera limene lero ndi Mexico ndi Guatemala anayamba kuwiritsa chimanga m'madzi osakaniza ndi phulusa kapena laimu, uja ena amati njereza. Chikawira pang'ono ankachiphula n'kuchisiya m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa ankachitsuka, makoko n'kumachoka okha, kenaka n'kuchipera chili chonyowa pa mphero mpaka chitananda ngati dongo la woumba mbiya. Anthu a mtundu wa Aztec, m'chinenero chawo cha Nahuatl, ankatcha chimanga chotere nixtamalli, dzina lochokera ku mawu awiri, lina lotanthauza phulusa, lina ufa wokanda. Ufa wamba wa chimanga sugwirana. Aliyense amene anayesapo kupanga chapati ndi mgaiwa amadziwa mmene chimanyenyekera. Koma chimanga chophika ndi laimu chimagwirana, moti mayi amatapa kamtanda, n'kukaomba pakati pa zikhatho mpaka kupyapyala, n'kukaponya pa phale lotentha lotchedwa comal. M'mphindi ziwiri tortilla yapsa.

Ntchitoyi inali yowawa. Tortilla siigonera, ikazizira imauma, motero banja linkafuna yatsopano tsiku lililonse. Mayi ankadzuka tambala asanalire n'kugwada pa mphero maola asanu kapena kuposerapo, lero, mawa, mpaka ukalamba. Agogo amene anakulira pa mtondo ndi munsi, chigayo chisanafike m'mudzi, angamve msana wawo ukuyankha.

Pamene anthu a ku Spain, motsogozedwa ndi Hernán Cortés, anagonjetsa mzinda wa Tenochtitlan m'chaka cha 1521, anapeza tortilla ili pakamwa pa aliyense, kuyambira mfumu mpaka wonyamula katundu. Wansembe wina, Bernardino de Sahagún, amene anatha zaka zambiri akufunsa akuluakulu a Aztec za moyo wawo wakale, analemba mitundumitundu ya tortilla imene inkagulitsidwa m'misika pamodzi ndi ndiwo zake za tsabola. Eni ake ankaitcha tlaxcalli. Dzina lakuti tortilla ndi la atsamunda.

Atsamundawo anatenga chimanga kupita nacho kwawo, ndipo m'zaka za m'ma 1500 Apwitikizi anachifikitsa m'magombe a Africa, kumene chinayamba ulendo wake wolowa kumtunda, pang'onopang'ono n'kumalanda malo a mapira ndi mawere. Koma anatenga mbewu yokha, nzeru ya phulusa anaisiya. Ayenera kuti ankaiona ngati kakhalidwe chabe ka anthu ogonjetsedwa, kosayenera kufunsa tanthauzo lake. Akale anati safunsa anadya phula. M'chimanga muli niacin, umene ndi mtundu wa vitamini B, koma ndi womangika mwakuti thupi la munthu silitha kuutenga wambiri. Laimu ndi phulusa zimaumasula. Anthu a ku Mexico sankadziwa dzina la vitamini, komabe ankadya chimanga m'mawa, masana ndi madzulo osadwala nacho. Kumene chimanga chinapita chopanda phulusa, n'kukhala chakudya chokhacho cha amphawi, kunabuka nthenda yoopsa ya pellagra. Khungu la wodwala limathetheka ngati lapsa ndi moto m'malo onse oombedwa ndi dzuwa, m'mimba mumatsegula, mutu umasokonezeka, ndipo mapeto ake ndi imfa.

Dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, anaiona nthendayi pakati pa alimi osauka a ku Asturias m'chaka cha 1735. Kenaka inasautsa kumpoto kwa Italy kwa zaka zoposa zana limodzi. Kum'mwera kwa United States, pakati pa 1906 ndi 1940, inagwira anthu pafupifupi 3 miliyoni ndi kupha pafupifupi 100,000. Madokotala ambiri ankati ndi nthenda yopatsirana, mpaka Joseph Goldberger, amene anayamba kuifufuza mu 1914, anaonetsa kuti gwero lake ndi kadyedwe. Niacin weniweniyo anadziwika kuti ndiye mankhwala ake m'chaka cha 1937, pa kafukufuku wa Conrad Elvehjem. Anthu ophunzira anatha zaka mazana awiri akufunafuna chimene mayi wa ku Oaxaca ankachita usiku uliwonse asanagone.

Nkhaniyi si yakutali kwa Amalawi. M'chaka cha 1990, anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala kum'mwera kwa Malawi anadwala pellagra. Chakudya chimene ankalandira chinali chimanga makamaka, ndipo mtedza, umene unkawateteza, unasowa kwa miyezi ingapo. Mmalawi wa pamudzi amapulumuka chifukwa cha ndiwo, nsinjiro, nyemba ndi usipa, osati chifukwa cha nsima payokha. Chodabwitsa n'chakuti amayi a kuno amaidziwa bwino mphamvu ya phulusa. Amacheza chidulo n'kuthira m'therere kuti lifewe. Nzeruyo inali pafupi ndithu ndi mphika wa chimanga, koma sinalowemo, pakuti chimanga chinafika kuno ngati mlendo wopanda womuperekeza.

Tsono tortilla ndi yakale chotero, koma dzina lakuti taco ndi laposachedwa. M'chinenero cha ku Spain liwuli linkatanthauza chotsekera, kapena kachinthu kophatikiza m'bowo. Katswiri wa mbiri yakale Jeffrey Pilcher, amene analemba buku la Planet Taco m'chaka cha 2012, amaganiza kuti dzinali linachokera ku migodi ya siliva ya ku Mexico. Ogwira ntchito m'migodimo ankakulunga wonga m'kapepala n'kukalowetsa m'bowo la mwala pofuna kuuphulitsa, ndipo kaphukusi kameneko ankakatcha taco. Tortilla yokulunga tsabola woyabwa siili kutali ndi pepala lokulunga wonga, ndipo umodzi mwa mitundu yoyamba kulembedwa unali wotchedwa taco wa anthu a m'migodi. Ena amatsutsa, amati dzinali linachokera ku Nahuatl. Chimene chili poyera n'chakuti pofika 1895 liwuli linali litalowa m'dikishonale ya mawu a ku Mexico imene analemba Feliz Ramos i Duarte.

Taco anakulira mumzinda wa Mexico City, pamene anthu a m'midzi anayamba kukhamukira kumeneko kukafuna ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Wantchito analibe nthawi yobwerera kunyumba masana, analibenso ndalama zolowera mu lesitilanti. Amayi ochokera m'zigawo zosiyanasiyana anayamba kugulitsa m'mbali mwa misewu, aliyense ndi ndiwo za kwawo, monga zimakhalira pa chiwaya ndi pa kanyenya m'matauni a kuno. Anthu apamwamba ankanyoza. Iwo ankadya buledi wa tirigu ndi zakudya za ku France, ndipo mlembi wina wotchuka, Francisco Bulnes, analemba m'chaka cha 1899 kuti mitundu yodya chimanga ndi yofooka poyerekeza ndi yodya tirigu. Munthu wophunzira akafuna kunyoza amphawi, sasowa sayansi yobwereka.

Chigawo chilichonse chinabweretsa chake. A ku Michoacán anabwera ndi carnitas, nyama ya nkhumba yophika pang'onopang'ono m'mafuta ake omwe. A ku Hidalgo anabwera ndi barbacoa, nkhosa yokulunga m'masamba a maguey, chomera chofanana ndi khonje, yophikira m'dzenje usiku wonse. Ku Ensenada, m'mbali mwa nyanja, taco ndi wa nsomba. Koma amene lero amaonedwa ngati mfumu ya mataco mu Mexico City, wotchedwa al pastor, kholo lake ndi mlendo. Anthu ochokera ku Lebanon ndi maiko oyandikana nawo amene anakhazikika ku Puebla anayamba, cha m'ma 1930, kugulitsa nyama yosanjikiza pa chitsulo choimirira, yozungulira pafupi ndi moto, monga ankachitira kwawo. Pofika m'ma 1960 ophika a mu Mexico City anali atatenga chitsulocho, n'kuikapo nkhumba yonyika m'tsabola wofiira, pamwamba chinanazi, pansi tortilla ya chimanga. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

M'zaka zomwezo mphero inapuma. Zigayo zopera chimanga chonyowa zinafalikira m'midzi, ngakhale azibambo ena ankadana nazo, ati tortilla ya pachigayo siikoma, enanso poopa kuti amayi akapeza nthawi ayamba kuyendayenda. Kenaka kunabwera makina oumba ndi kuotcha tortilla, monga amene anakonza Fausto Celorio, ndipo m'chaka cha 1949 kunayamba kampani ya Maseca, yogulitsa ufa wouma wa chimanga chophika kale ndi laimu.

Nanga chakudya cha ku Mexico chinapeza bwanji tsiku lake m'dziko la eni? Poyamba pafunika kukumbukira kuti mbali yaikulu ya kum'mwera chakumadzulo kwa United States inali Mexico. Texas inapatuka mu 1836, ndipo nkhondo itatha m'chaka cha 1848, California ndi madera ena anatengedwa. Mabanja ambiri sanadumphe malire. Malire ndiwo anawadumpha. Ena anabwera pambuyo pake, makamaka pothawa nkhondo yapachiweniweni imene inayamba ku Mexico mu 1910, n'kukagwira ntchito m'njanji, m'migodi ndi m'minda. Anafika ndi comal wawo, koma ulemu sanaupeze. M'matauni ambiri a ku Texas munali malo odyera okhala ndi zikwangwani zokaniza anthu a ku Mexico. Ana awo ankaphunzira m'sukulu zapadera ndipo ankalangidwa akalankhula chinenero cha makolo awo, chilango chimene akuluakulu ena a kuno amene anadutsa m'sukulu zoletsa chinenero cha kumudzi angachikumbuke. Mwana wotenga taco kusukulu ankadyera kuseri, kuopa kusekedwa ndi anzake a buledi. Mumzinda wa San Antonio, amayi amene kwa zaka zambiri ankagulitsa zakudya za ku Mexico pabwalo la mzinda anachotsedwapo ndi akuluakulu a zaumoyo m'zaka za m'ma 1930 ndi kumayambiriro kwa 1940.

Mumzinda womwewo wa San Antonio ndi mmene tsiku la taco linabadwira. M'zaka za m'ma 1960, bambo wina wokonda za chitukuko cha anthu a mtundu wake, Roberto L. Gomez, anaona kuti njira ina yokumbutsira akuluakulu a dziko kuti anthu ochokera ku Mexico alipo, ndiponso kuti amavota, ndiyo kuwatumizira chakudya. Iye ndi anzake anatumiza taco wamkulu zedi kwa Pulezidenti Lyndon Johnson, amenenso anali wa ku Texas, ndipo anayambitsa bungwe lotchedwa National Taco Council. Kunja zinkaoneka ngati nthabwala, koma mkati mwake munali pempho lolemera: chakudya chimene ana ankabisa kusukulu chiikidwe patebulo la mtsogoleri wa dziko, masana dzuwa likuswa mtengo.

Mnzawo wamkulu pa ntchitoyi anali Henry B. González, ndipo munthuyu ndi woyenera kumudziwa. Anabadwira ku San Antonio pa 3 Meyi 1916, kwa makolo amene anathawa nkhondo ija ku Durango. Atasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ya Texas, m'chaka cha 1957 anaimirira n'kulankhula maola 22 osakhala pansi, pofuna kutchinga malamulo olimbikitsa tsankho m'sukulu, ndipo ambiri mwa malamulowo anafera pomwepo. Mu 1961 anasankhidwa kupita ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, kumene anakhala mpaka 1999. M'chaka cha 1968 iyeyu anatchula sabata ya taco m'nyumbamo, nkhaniyo n'kulowa m'mabuku a Congress. Sabatayo inkagwa pafupi ndi 5 Meyi, tsiku limene anthu ochokera ku Mexico amakumbukira kugonjetsedwa kwa asilikali a ku France ku Puebla mu 1862, ndipo tsiku la taco lenilenilo linali 3 Meyi, tsiku lobadwa la González. Motero tsiku loyamba la taco linali ndi mwini wake, linali ndi nkhope, ndipo linamangiriridwa ku mbiri ya anthu amene ankaphika chakudyacho. Koma tsiku lotere limafuna anthu olisamala chaka ndi chaka. Oyambitsawo atakalamba, tsikulo linazilala mpaka kuiwalika.

Pamene a ku San Antonio ankapempha ulemu, ku California kunali munthu wina amene ankawerengera phindu. Glen Bell anali ndi kamalo kogulitsira mahambaga mumzinda wa San Bernardino. Tsidya lina la msewu kunali Mitla Cafe, malo odyera amene mayi wina wochokera ku Mexico, Lucia Rodriguez, anatsegula mu 1937, kumenenso atsogoleri a anthu a mtundu wake ankakumana pokambirana za tsankho la mumzindawo. Bell ankaona mzere wa anthu pakhomo la Mitla. Anayamba kumakadya kumeneko kawirikawiri, mpaka eni ake anamulola kuona mmene amakazingira mataco awo. Cha m'ma 1951 anayamba kugulitsa ake pa mtengo wa masenti 19, ndipo m'chaka cha 1962 anatsegula Taco Bell yoyamba ku Downey.

Taco wa Bell ndi wosiyana ndi wa m'misewu ya Mexico City. Tortilla yake ndi yokazingiratu, youma gwa, yopindika kale, yoti ikhoza kudikira wogula masiku ambiri, ndipo mkati mwake amaikamo nyama yogaya, letesi ndi tchizi. Ngakhale nzeru yokazingiratuyo sinali yake yekha: Juvencio Maldonado, wa ku Mexico amene anali ndi lesitilanti ku New York, analandira chiphaso cha umwini wa chipangizo chokazingira tortilla zotere m'chaka cha 1950. Koma Bell ndiye anadziwa kuchulukitsa. Anagulitsa kampaniyo kwa PepsiCo mu 1978, ndipo lero ili ndi malo oposa 8,000. Kunena chilungamo, anthu mamiliyoni ambiri amene sakanalowa m'dera la anthu a ku Mexico analawa taco woyamba kudzera mwa iye, ndipo ena mwa iwo pambuyo pake anapita kukafunafuna weniweni. Komabe dzina limene dziko linaloweza ndi la wophunzira, la mphunzitsi ayi. Kampaniyi inayesa kawiri kukagulitsa ku Mexico komweko, mu 1992 ku Mexico City ndi mu 2007 ku Monterrey, ndipo maulendo onse awiri inatseka n'kubwerera. Ulendo wachiwiriwo sinalimbe mtima n'komwe kutcha chakudya chake taco. Inachipatsa dzina lina, lakuti tacostada.

Tsiku la taco litadzukanso, linadzukira m'manja mwa amalonda otere. Cha m'ma 2009 ndi 2010 makampani ogulitsa mataco, kuphatikizapo Del Taco, anayamba kulengeza kuti tsikulo ndi 4 Okutobala. Palibe pulezidenti amene analamula, palibe nyumba ya malamulo imene inavomereza, ndipo pa detilo palibe chinachitika m'mbiri ya taco. Nyuzipepala zinangolemba, mawebusaiti n'kukopera, ndipo patapita zaka zochepa anthu ankalitchula ngati linalipo kuyambira kale. Umu ndi mmene miyambo yambiri yatsopano imakhalira ndi imvi zobwereka.

Kusamukira pa Lachiwiri kuli ndi nkhani yakeyake, yoseketsa ndi yomvetsa chisoni pamodzi. Malo odyera ambiri ku United States akhala akutsitsa mtengo wa mataco Lachiwiri, tsiku limene malonda amayenda mozizira, n'kumalitcha Taco Tuesday. M'chaka cha 1989 kampani ya Taco John's, ya ku Cheyenne m'chigawo cha Wyoming, inalembetsa mawu awiriwa kuboma ngati katundu wake m'zigawo zonse kupatula New Jersey, kumene malo ena otchedwa Gregory's anali atalembetsa kale. Kwa zaka zoposa 30 maloya a kampaniyo ankatumiza makalata oopseza kwa ogulitsa ena, ngakhale ang'onoang'ono, amene alemba mawuwo pa chikwangwani. Zinali zotheka kuti mdzukulu wa mayi wogwada pa mphero aletsedwe kutchula taco pamodzi ndi Lachiwiri ndi kampani ya ku Wyoming. Katswiri wa mpira wa basketball LeBron James nayenso anayesa kulembetsa mawuwo mu 2019, koma boma linamukaniza, linati ndi mawu wamba. M'mwezi wa Meyi 2023 Taco Bell inapempha boma kuti lifafanize umwini wa Taco John's. Mu Julaye Taco John's inagonja, poona kuti ndalama za maloya zichuluka, ndipo Gregory's inatsatira mu Okutobala. Chaka chotsatira Taco Bell inagwirizana ndi National Day Calendar, kampani ya ku North Dakota imene imasunga mndandanda wa masiku otere, kuti tsiku la taco lizigwa Lachiwiri loyamba la Okutobala. Loyamba linali pa 1 Okutobala 2024. Njovu ziwiri zinamenyanirana dzina la chakudya chimene palibe mwa izo anachiyambitsa, ndipo yopambana inanyamula ndi tsiku lomwe.

Wina angaganize kuti ku Mexico zinthu n'zosiyana, koma tsiku lawo la taco, la 31 Malichi, nalonso linayambitsidwa ndi kampani ya wailesi yakanema ya Televisa m'chaka cha 2007. Chakacho chinali chowawa kwa odya tortilla. Mu Januwale mtengo wake unakwera kwambiri, mwa zina chifukwa chimanga chochuluka ku United States chinayamba kupita kopangira mafuta a galimoto, pamene Mexico, chiyambire pangano la malonda la NAFTA mu 1994, inali itazolowera kugula chimanga kwa mnansi wakeyo. Amalonda ena anabisanso chimanga podikira mtengo. Boma la Pulezidenti Felipe Calderón linapangana ndi makampani kuti kilogalamu ya tortilla isapitirire mapeso 8.50, koma pa 31 Januwale anthu zikwi makumi angapo anaguba mu Mexico City mpaka pa bwalo lalikulu la Zócalo. Chaka chomwecho alimi ndi mabungwe anayambitsa gulu lokhala ndi mfuu yakuti popanda chimanga palibe dziko, mawu amene Mmalawi wonena kuti chimanga ndi moyo sangafune womumasulira. Patangopita miyezi iwiri chichitikire chionetserocho, wailesi yakanema inkaitana anthu ku chikondwerero cha taco.

Ulemu wina unabwera mochedwa, koma unalunjika pamalo oyenera. M'mwezi wa Novembala 2010, pa msonkhano wa ku Nairobi, bungwe la UNESCO linaika kaphikidwe ka makolo ka ku Mexico pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Chimene linalemekeza si kampani kapena tsiku, koma munda wa chimanga chosakaniza ndi nyemba ndi maungu, kuphika chimanga ndi laimu, mphero, ndi amayi ophika a ku Michoacán. Patapita zaka 7, mu 2017, nsima ya ku Malawi inalowa pa mndandanda womwewo. Ana awiri a udzu wa ku Balsas anakumana m'buku limodzi, wina wophika ndi phulusa, wina wopanda.

M'mwezi wa Meyi 2024, miyezi yochepa tsiku la taco lisanasamukire pa Lachiwiri, buku la Michelin, lija limapereka nyenyezi kwa malesitilanti apamwamba, linapereka nyenyezi kwa El Califa de León, kamalo kogulitsira mataco m'dera la San Rafael mu Mexico City. Kamaloka kanatsegulidwa mu 1968, chaka chomwe González ankatchula taco ku Congress. Ndi kachipinda kopanikiza, kopanda matebulo oyala nsalu, ndipo nyenyeziyo inakapeza kakugulitsa mitundu inayi yokha ya taco. Wophika, Arturo Rivera Martínez, ankaponya nyama yodula mopyapyala pa chitsulo chotentha, n'kuwaza mchere ndi madzi a ndimu, pamene pambali pake tortilla zinkaumbidwa imodziimodzi kuchokera ku chimanga chophika ndi laimu. Atolankhani atafika ndi makamera awo, anapeza mzere wa ogula utatuluka panja n'kutsata msewu, ndipo amene alandira mbale yawo akudya chiimire.